Oimba Athu Akuthera pa Mseu

Pa 31 December 2024, pamene ambiri a ife tinali kukonzekera kulowa caka catsopano, motoka imene munali a Wesley Chibambo, amene tonse tinali kuwadziwa kuti Dandy Krazy, inagundana ndi cilole pa Great North Road kufupi ndi Kapiri Mposhi. Anthu ena anafera pomwepo. A Dandy anathamangitsidwa nawo ku cipatala, ndipo pa 2 January 2025 anamwalira ku UTH mu Lusaka. Mu September 2020 tinali titalira kale Daev, mnyamata wa mau okoma uja, amene anafa pa ngozi ya motoka pa mseu wa ku Chirundu pamodzi ndi anzake.

Zimene zimatsatira timazidziwa. Ma status a WhatsApp amadzaza ndi RIP, mawailesi amaliza nyimbo za malemu tsiku lonse, andale amabwera pa nyumba ya maliro ndi makamera kumbuyo kwao. Kwa a Dandy zinafika poipa, cifukwa ena anayamba kukangana za Donchi Kubeba ndi masankho a 2011, ngati kuti amene wagona mu bokosi ndi cipani, osati tate wa ana. Ikatha sabata imodzi, nkhani yasila.

Funso limene sitifuna kulifunsa ndi ili: n'cifukwa ciani oimba athu amakhalira pa mseu conco? Yankho lili mu mafoni athu. Nyimbo ikatuluka m'mawa, pofika masana yafalikira kale pa WhatsApp ndi pa ma flash a mu minibasi, yaulele. Kuli ZAMCOPS imene nchito yake ndi kutolera ndalama za eni nyimbo, koma ndi oimba angati amene angalipire lendi ndi ndalama zimenezo? Cotsala ndi ma show. Ndiye December ikafika, woimba amavomera Lusaka Cisanu, Kitwe Ciwelu, Livingstone pa Sondo, cifukwa adziwa kuti January ndi mwezi wa njala ndi ma school fees. Show imatha m'bandakuca, woyendetsa sanagone, mvula ili kugwa, ndipo mseu ndi umodzimodzi umene malole a ku migodi ndi a ku Kasumbalesa apitamo usiku wonse.

Sitikunena kuti ngozi iliyonse imabwera cifukwa ca tulo. Nthawi zina wolakwa ndi wa motoka inayo. Koma munthu amene ayenda mseu umenewu kanai pa sabata ali pafupi ndi imfa kuposa ise amene tiuyenda kamodzi pa Khisimasi. Mseu wa mbali ziwiri wa Lusaka–Ndola, wa makilomita oposa 300, unayamba kumangidwa mu 2024. Ukatha udzathandiza, koma sudzagoneka dalaivala amene promoter wakana kumulipirira cipinda.

Apa ndiye pamene ife okonda nyimbo tili ndi mphamvu. Tikiti timagula ndife. Tingafunse okonza ma show ngati mu mtengo wa woimba muli malo ogona a gulu lonse, osati a bwana yekha. A Zambia Association of Musicians angaike zimenezi mu pangano lililonse la show ya kutali. Ndipo bundle imene timathera pa kutumizirana mavidiyo a motoka yophwanyika, nthawi zina acibale asanauzidwe n'komwe, ingakwanitse kumvera nyimbo zao pa Boomplay kapena YouTube, kumene kangwee kamafika kwa mwini wake.

Cinanso cimatiwawa. Mu motoka zimenezi simukhala munthu mmodzi. Mumakhala woyendetsa, ovina, DJ, mnzake wa pa komboni amene anangoti ndiperekezeko. Nyuzipepala imalemba dzina la wochuka pamwamba, enawo n'kukhala "ndi ena anai". Maliro ao sapita pa TV, ndipo palibe nduna imene imanyamula thumba la unga kupita kwa amai ao.