Tisadikire mpaka mwana amangidwe pamtengo

Aliyense wodutsa pa Mwanza adamuonapo mnyamata wina pamsika kapena kufupi ndi chipata cholowera ku Zobue, thupi lili mbuu, akukangana ndi anthu amene ife sitikuwaona. Timangoti "wamisala uyo" n'kupitiriza kugula manachesi athu. Komatu mnyamatayo sadadzuke tsiku limodzi ali choncho. Padali miyezi yambiri pamene tulo tidamuthawa, adasiya kucheza ndi anzake, adaleka sukulu, adayamba kumva mawu m'makutu ndi kukana nsima ya mayi ake omubereka poganiza kuti athiramo mankhwala. Ife a nyuzipepala ino tikuti nthawi yomuthandiza idali imeneyo.

Madokotala amati matendawa amakonda kugwira munthu ali kusekondale kapena ali m'zaka za m'ma 20, ndipo akakhalitsa osalandira chithandizo, kuchira kwake kumavuta. N'chifukwa chake mu 1992 Patrick McGorry ndi anzake adatsegula ku Melbourne, m'dziko la Australia, malo othandizira achinyamata amene matendawa angowayamba kumene. Nzeru yake njosavuta: kumupeza msanga, kumupatsa mankhwala pamlingo wochepa, kuphunzitsa makolo ake, n'kumubwezera kusukulu kapena kumunda.

Kwathu kuno ulendo umayambira kwa sing'anga, kenako kumapemphero, ukathera pachingwe. Sitikunyoza makolo ayi. Mayi wa ku Thambani amene mwana wake wayamba kuswa ziwiya usiku atani? Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo chili ku Zomba, ndipo ndalama yokwezera wodwala ndi anthu awiri omugwira si yochepa. Ena amangoti "wasuta chamba, adziwa yekha." Zoona, chamba chimatha kuyambitsa kapena kukulitsa matendawa, koma ambiri odwala sadachilawepo. Ngakhale wosutayo ndi mwana wathu ndithu.

Njira zilipo, ndipo sizili kutali. Ku Neno, dera lomwe lidali mbali ya boma la Mwanza mpaka 2003, a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adaonetsa kuti wodwala m'maganizo angathe kuonedwa pakiliniki imodzi ndi wodwala shuga, khunyu kapena wolandira ma ARV. Ku Chiradzulu ndi ku Salima ntchito ya PROMISE idayesa kugwirizanitsa asing'anga, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a zaumoyo kuti wodwala afike kuchipatala msanga. Nanga Mwanza walakwanji?

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi khonsolo ya Mwanza kuti alangizi a zaumoyo aphunzitsidwe kuzindikira zizindikiro zoyambirira, ndipo mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol azipezeka mwezi ndi mwezi ku Thambani, Kunenekude ndi Tulonkhondo. Wopereka mankhwala azifotokozanso kuti nthawi zina amaumitsa khosi ndi kunjenjemeretsa manja, ndi kuti zimenezi zili ndi chithandizo chake. Banja likapanda kuuzidwa limaganiza kuti mwana akuipiraipira, n'kutaya mapiritsi kuchimbudzi. Mafumu a kwa Kanduku, Nthache ndi Govati nawo anene poyera kuti kumanga munthu pamtengo si mankhwala.

Lamulo la atsamunda la 1948 lidalamulira odwala ameneŵa zaka zoposa 70, likuwaona ngati anthu ongoyenera kutsekeredwa, mpaka aphungu adavomereza lina mu 2025. Tikuwayamikira. Koma pepala la ku Lilongwe silimasula chingwe ku Kunenekude. Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera matipate kuti munthu asamangidwenso popanda mlandu, ndipo anthu a ku Mwanza, amene sadaiwale zimene zidachitika ku Thambani mu 1983, akudziwa kuposa tonse kuwawa kwa kukhala chete.

Aphungu a ku Mwanza afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti pa ndalama za zaumoyo za bomali, zingati zapita ku matenda a m'maganizo. Yankho lake tidzalisindikiza patsamba lomwe lino.