Kanyale ka kudenga kangakupherereni batire usiku umodzi

Pa zinthu zonse za pa galimoto, kanyale ka kudenga ndi kamene timakaderera kwambiri. Kakapsa, timangoyatsa tochi ya foni, basi. Koma ine kamandiopsa kakamakana kuzima, makamaka kwathu kuno ku Mwanza komwe galimoto imodzi imatumikira banja lonse ndi aneba omwe. Masana yanyamula manachesi kukagulitsa m'mbali mwa msewu wa M6, usiku ikufunika kuthamangitsa mayi woyembekezera ku chipatala cha boma. Nthawi ngati imeneyo mutembenuze kiyi, injini ingoti kete!

Babu yakale ija imakhala ya mawati 8 kapena 10, ndipo ikayaka maola 10 imadya gawo lalikulu ndithu la mphamvu za batire yaing'ono ya mavoti 12. Batire yatsopano ikhoza kupirira. Yotopa, m'mawa wozizira wa mu June, siingathe. Kumbukiraninso kuti ma Sienta, ma Passo ndi ma Freed ambiri ochokera ku Japan ndi a otomatiki, ndiye zoti tiitane anyamata akankhe kuti ilire sizigwira. Mudikira mpaka apezeke wina wa mawaya ojampira.

Ambiri zikatere amathamangira kukagula batire ina, pomwe wolakwa ali pamwamba pa mutu wawo. Musanatulutse ndalama, yang'anani swichi ya pa nyale yomweyo. Ili ndi malo atatu: ON, OFF ndi DOOR. Ana amakonda kuseweretsa kameneka, ndipo akakasiya pa ON masana palibe amaona. Ikani pa DOOR, tsekani zitseko zonse, dikirani pang'ono chifukwa galimoto zina zimazimitsa nyaleyo mwapang'onopang'ono.

Ikapitiriza kuyaka, nkhani ili pa zitseko, ndipo apa m'pamene misewu yathu imalowererapo. Mukatsegula chitseko, pa chitsulo chomwe chitsekocho chimakhudza pali kabatani kovala labala yakuda. Chitseko chikatsekedwa chimakakanikiza, nyale n'kuzima. Galimoto yoyenda misewu ya fumbi ya ku Thambani, n'kumatsukidwanso ndi madzi a mu ndowa mowolowa manja, kabatani kameneka kamalowa dothi, kamachita dzimbiri, kapena labala ija imang'ambika. Nthawi zina chitseko chenichenicho chimakhala chitagwa pang'ono ndi mabampu, ndiye sichikufikanso pa kabataniko. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani chitseko chimodzi, enawo ali otseka, kanikizani kabatani ndi chala, muone ngati nyale ikuzima. Chitani choncho chitseko chilichonse. Kachizindikiro kofiira ka galimoto yotsegula zitseko ka pa dashibodi kakuthandizani: kakamayakabe zitseko zonse zili zotseka, kabatani kena kakunama. Nthawi zambiri n'kongomasula sikuluwu imodzi, kupala dzimbiri ndi sandipepa, n'kubwezera.

Ma Toyota ena amazimitsa okha nyaleyo pakatha mphindi 20 ngati swichi ili pa DOOR, koma musadalire zimenezo pa galimoto iliyonse.

Ya mu buti ndiye kathyali weniweni, chifukwa imayaka inu osaiona. Ikani foni mkatimo ikujambula vidiyo, tsekani, dikirani pang'ono, tsegulani muonere. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa siifuna sipanala.

Tsopano ngati nyale siikuyaka n'komwe, chotsani kapulasitiki kake, muone ngati babu yada kapena kawaya kake kaduka. Mukaika ya LED n'kukana kuyaka, itembenuzeni kaye musanakakangane ndi wogulitsa, zambiri zimayaka mbali imodzi yokha. Ubwino wa LED ndi woti imadya magetsi ochepa kwambiri. Babu ikakhala bwino, pitani ku mafyuzi. Pa chivundikiro cha bokosi lake pali mapu: pa Toyota fufuzani polembedwa DOME, pa galimoto zina ROOM. Ngati wotchi ya mu galimoto nayo yazima nthawi yomweyo, kaikirani fyuzi, chifukwa pa ma Toyota ambiri zimadyera mbale imodzi.

Apa ndiye ndiyankhule mwamphamvu, abale anga. Fyuzi yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yabulauni 7.5. Bwezerani yofanana ndi yomwe mwachotsa. Zoikapo kawaya kapena chipepala chonyezimira cha paketi ya fodya, zomwe ena amati n'kuchenjera, n'kuitana moto. Fyuzi imapsa dala kuti mawaya asapse, ndipo mawaya a nyale imeneyi amadutsa m'kati mwa denga la nsalu ndi siponji.

Yatsopano ikapsanso pompo, lekerani pomwepo. Pali waya wasupuka ukukhudza chitsulo, mwina pomwe wina analumikiza wailesi kapena alamu mwachidule. Imeneyo ndi ntchito ya makanika wa zamagetsi. Mukamuuza zomwe mwayesa kale, sayamba n'kugwetsa denga lonse, ndipo mumupemphe ayezeretu batire ndi mita musanavomere kugula ina.