Tisamanamizire bowo la ozoni

Funso lakuti n'chifukwa chiyani madzi oundana a pa nyanja ya Arctic akutha likabwera, ophunzira ambiri amathamangira kulemba kuti ndi bowo la ozoni. Ine ndikuti yankho limeneli tilisiye, anzanga.

Taonani. Bowo lalikulu la ozoni limaoneka pamwamba pa Antarctica, kumwera kwenikweni kwa dziko, pomwe Arctic ili kumpoto. Komanso kuchokera pamene mayiko anasainirana pangano la Montreal mu 1987 loletsa mipweya ya CFC, ozoni wayamba kubwerera pang'onopang'ono. Nanga bwanji madzi oundanawo akungocheperabe? Masetilaiti akhala akuwayeza kuyambira 1979. M'zaka za m'ma 1980, mwezi wa Seputembala, ankaphimba malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 7 miliyoni. Mu Seputembala 2012 anatsala 3.4 miliyoni basi.

Gwero lenileni ndi kaboni dayokisaidi wotuluka tikamawotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi. Mpweyawu umatchinga kutentha kuti kusathawire kumwamba. Mafakitale asanachuluke unali pa 280 ppm, pano wadutsa 420. Zoona, ma CFC nawo amasunga kutentha, koma imeneyo ndi nkhani ina, si kuti bowo likulowetsa moto ayi.

Chimene chimandiopsa ine ndi ichi. Mukudziwa kusiyana kwa malaya oyera ndi akuda padzuwa la Okutobala, eti? Chipale choyera cha pamwamba pa madzi oundana chimabweza kuwala kwambiri kwa dzuwa, pomwe nyanja, poti ndi yoderapo, imameza pafupifupi konse. Ndiye madzi oundana akasungunuka pang'ono, nyanja imatsala pamtunda n'kufunda, kenako imasungunula enanso. Nyengo yozizira ikafika, oundana atsopano amakhala opyapyala, osachedwa kusungunuka chaka chotsatira. Kunsi nako madzi ofunda ochokera ku Atlantic akuwadya. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Arctic ikutenthera mofulumira kuwirikiza katatu kapena kanayi kuposa dziko lonse.

Mwina wina ati, "Bola ndakhoza mayeso, zinazo n'zachani?" Vuto ndi lakuti amene wasokoneza matenda amagulanso mankhwala olakwika. Tikamati vuto ndi ozoni, tiziganiza kuti nkhaniyi inatha mu 1987, chonsecho utsi wa malasha ndi mafuta ukukwerabe tsiku ndi tsiku.