Mwana Asanalangidwe, Ayambe Wapimidwa Maso

M'sukulu zoyandikana ndi minda ya tiyi ku Thyolo, monga ya Satemwa ndi Makandi, ana ena amatchedwa aulesi kapena osamva pamene vuto lenileni lili m'maso mwao. Mwana wosaona patali sangathe kuwerenga za pa bolodi. Motero amasuzumira m'kope la mnzake, nayamba kucheza, ndipo mphunzitsi amamuyesa wosokoneza. Wina amaona patali, koma akayang'anitsitsa buku, zilembo zimasakanikirana, mutu numupweteka. Ana otere sadandaula, poganiza kuti aliyense amaona chomwecho.

Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi ndi odzaza, ndipo okhala kumbuyo ndiwo amavutika koposa. Makolo nawo amalawirira kukathyola tiyi, osapeza mpata woona mwana akuwerenga.

Si mwano wonse umene umachokera m'maso, koma kupima sikulira ndalama zambiri. Mphunzitsi aimike mwana mamita 6 kuchokera pa tchati cha zilembo, ndi kuyesa diso lililonse palokha. Wolephera atumizidwe ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo; matenda aakulu ali ndi chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth, mu Blantyre. Diso lofooka likapanda kuthandizidwa mwana asanapitirire zaka 8, kuchira kwake kumavuta.

Dziko limene bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti lagonjetsa nthenda ya trachoma silingalephere kupezera mwana magalasi. Eni minda, aphunzitsi ndi makolo agwirane manja tsopano, pakuti m'mera mpoyamba.