ZA PAKHOMO PATHU: Jik Akatayika, Klorini Akayaka



Tsiku lina Lachinayi madzulo, pa mzikiti umene timaswalirako, anyamata awiri a pa madrasa anatumidwa kukatsuka zimbudzi ndi malo ochitira wudhu pokonzekera Jumu'a. Mmodzi mwa iwo, pofuna kuti ntchito yake ioneke, anayamba wathira mankhwala otsukira chimbudzi aja okhala ndi asidi, kenaka nakhuthulira Jik pamwamba pake, natseka chitseko ati kuti zigwirane bwino. Atabwerera ndi burashi sanathe ngakhale kuwerama. Anatuluka akutsokomola, misozi ili chuchuchu, mawu osatuluka. Mnzake uja anafuna kulowa kuti akaone chimene chavuta, ndipo akanapanda muadhini kumugwira mkono bwenzi odwala ali awiri. Mnyamatayo anagona kuchipatala usiku umodzi nachira, Alhamdulillah. Sitikumudzudzula ayi. Ife akuluakulu ndife amene tinamupatsa mabotolo awiri aja osamuuza kanthu.

Mankhwala amenewa achuluka m'makomo mwathu pa chifukwa chomveka. Mliri wa kolera umene unayambira m'boma la Machinga m'mwezi wa Marichi 2022 unapitirira mpaka 2023, ndipo unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Ife a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay sitisowa wotikumbutsa, maliro tinawaika tokha. Kuyambira pamenepo klorini analowa paliponse: m'ndowa za madzi akumwa, m'mizikiti, m'madrasa, ngakhale pa malo osambitsira maliro. Ndipo tisaleke kumugwiritsa ntchito, pakuti anapulumutsa ambiri, komanso twahara ndi gawo la chipembedzo chathu. Chimene tikufuna kunena ndi chakuti chimene chimapha tizilombo chimathanso kuotcha thupi la munthu, ndipo nthawi zambiri chimene chimakulitsa ngozi si kutayika kwa mankhwalawo koma zimene timachita mopupuluma m'mphindi zoyamba.

Mphamvu zake n'zosiyana, ndipo izi n'zofunika kudziwa. Jik wa m'golosale amakhala ndi klorini wokwana pafupifupi 3.5 peresenti. Klorini wa ufa kapena wa timibulu toyera, uja a zaumoyo amamutcha HTH, amafika 65 mpaka 70 peresenti. Tsono taganizani, madzi osambira m'manja pa nthawi ya kolera amangofuna 0.05 peresenti, okolopera pansi 0.2, ndipo othira pa masanzi, chimbudzi ndi thupi la womwalira ndi kolera amafuna 2 peresenti basi. Amene amathira mankhwala osasungunula poganiza kuti akuonjezera ukhondo akungoonjezera ngozi ndi kuononga ndalama.

Chimene chinatsamwitsa mnyamata uja ndi mpweya wa klorini. Umatuluka Jik kapena HTH akakumana ndi asidi wa mtundu uliwonse, kaya wotsukira chimbudzi, viniga, madzi a mandimu, kapena asidi wa m'batire imene asodzi athu amayatsira nyale panyanja. Ndi mpweya womwewo umene asilikali a Germany anaphera nawo anthu ku Ypres m'dziko la Belgium mu 1915. Ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, pafupifupi kawiri ndi theka, choncho umatsikira pansi. Woyamba kuupuma ndi mwana amene akukwawa, ndi munthu amene wawerama kuti akolope. N'chifukwa chake mukangomva fungo loluma m'mphuno ndi m'maso, musakhalenso m'katimo kufufuza. Tulutsani ana, siyani chitseko chotsegula, ndipo imani mbali imene mphepo ikuchokera. Amene wapuma mpweyawo akhale tsonga panja, ndipo ngati chifuwa chikumuthina kapena kutsokomola sikukuleka apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapapo amatha kudzaza madzi patapita maola angapo munthu ataoneka ngati wapeza bwino.

Chigubu chikagubuduka pansi, dzanja limathamangira chiguduli. Dikirani kaye. Tsegulani mazenera, valani magolovesi, ndipo ngati palibe mangani majumbo m'manja. Musaponde ndi mapazi osavala, zimene n'zosavuta kuiwala pa mzikiti pomwe nsapato timazisiya pakhomo. Tchingani mankhwalawo ndi mchenga kapena dothi louma kuti asafalikire, muwole ndi fosholo, kenaka tsukani malowo ndi madzi ambiri. Utuchi ndi mapepala musagwiritse ntchito, makamaka pa klorini wamphamvu, popeza zimatha kutentha. Madzi otsukirawo asayenderere kunyanja kapena ku dziwe la nsomba. Klorini pang'ono chabe amapha nsomba.

Akagwera pathupi, mankhwala ake ndi madzi. Apa ife Asilamu tilibe chowiringula, ketulo ya wudhu ili m'nyumba iliyonse. Ngati alowa m'diso, pendekeni mutu kuti diso lovulalalo likhale pansi, tseguleni zikope ndi zala, ndipo thirani madzi oyera pang'onopang'ono kwa mphindi 15 mpaka 20 osalekeza. Ndi nthawi yaitali, ketulo imodzi siikwana, choncho wina azidzaza ina pamene wina akuthira. Mwana adzalira ndi kuphiriphitha, koma gwireni. Mukatero mupite kuchipatala. Musathire mkaka wa m'mawere, kapena mankhwala a m'maso otsala a munthu wina.

Pali mbali ina imene tiyenera kuilankhula mosabisa. Chovala chonyowa ndi mankhwalawa chimapitiriza kuotcha khungu pokhapokha chitavulidwa. Mayi amene chigubu chamukhuthukira pa diresi kapena pa hijabu akhoza kupirira ululu chifukwa cha manyazi, nkumadikira kuti akafike kunyumba. Alongo athu, musamusiye atero. Muzungulireni ndi zitenje, abambo apatuke, chovalacho chichoke pompo, madzi ayambe kuthiridwa. Mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano ndi dzira zimene ena amapaka pa bala la moto, pano zilibe ntchito.

Nanga mwana akamwa? Izi zimachitika kawirikawiri chifukwa cha chizolowezi chathu chogawana mankhwala m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi. Klorini wosungunula amaoneka ngati madzi, ndipo mwana wa zaka ziwiri sadziwa kununkhiza. Chimene agogo ambiri amathamangira ndi kumusanzitsa, pomupisa chala kukhosi kapena kumumwetsa madzi a mchere. Chonde musatero. Mankhwala amene aotcha kummero potsika adzaotchanso pokwera, ndipo ena akhoza kulowera m'mapapo. Mutsukeni m'kamwa, ndipo ngati ali maso ndipo akutha kumeza mupatseni madzi pang'ono chabe. Musamupatse mandimu kapena viniga ati kuti athetse mphamvu ya mankhwalawo. Nyamulani mwanayo pamodzi ndi botolo lija, adokotala akaone chimene wamwa. Ngati zachitikira munthu wamkulu masana m'mwezi wa Ramadhani, asakane madzi kapena chithandizo chifukwa cha swaumu. Mashehe athu amaphunzitsa kuti wodwala amaloledwa kumasula, tsikulo adzalibweza.

Tsopano za moto, ndipo apa tikupempha asodzi ndi makomiti a mizikiti amvetsere bwino. Jik wamadzi payekha sayaka, koma nyumba ikapsa chigubu chake chimasungunuka ndipo utsi wake umakhala wa poizoni. HTH ndi nkhani ina. Iye amatulutsa okosijeni, mpweya umene moto umadya, kotero akakhudzana ndi petulo, palafini, oyilo wa injini kapena chiguduli cha mafuta amatha kubuka moto popanda machesi. Akangolowa chinyontho pang'ono m'chitini chotseka amatentha, ndipo chitinicho chimatha kuphulika. Tsono tayang'anani m'kachipinda kosungira katundu m'nyumba ya msodzi. Muli chigubu cha petulo wa injini ya boti, palafini, batire, maukonde a nailoni, ndipo pakona pomwepo pali chitini cha klorini, pansi pa malata otentha ndi dzuwa la Okutobala.

Moto wa HTH suzimitsidwa pouphimba ndi bulangete kapena chiguduli, popeza mpweya wake ali nawo yekha. Umafuna madzi ochuluka zedi, othiridwa muli patali, mphepo ili kumbuyo kwanu. Kapu imodzi kapena ndowa yatheka imangoonjezera utsi. Chozimitsira moto chofiira chija cha ufa, chimene chimapachikidwa m'masitolo, nachonso sichiyenera pa klorini. Koma moto wa petulo ndi palafini umadana ndi madzi, ukathiridwa umayandama nufalikira, ndipo umafuna mchenga. Ndiye ziwirizi zikayakira m'chipinda chimodzi mudzathira chiyani? Palibe chimene mungathire. Tulutsani anthu, chenjezani oyandikana nawo amene utsi ukulowera kwawo, katunduyo apse. Magalimoto ozimitsa moto a makhonsolo ali m'mizinda ya Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo kuchoka kumeneko kufika pa gombe lathu nyumba idzakhala phulusa kale. Tikudziwa kuwawa kwake kuona ukonde wa ngongole ukupsa, koma taonapo anthu akubwerera m'nyumba yoyaka chifukwa cha katundu, ndipo si onse amatulukamo.

HTH akatayika pansi osayaka, musesereni ali wouma m'ndowa ya pulasitiki yoyera ndi youma. Musamubwezere m'chitini chake, pakuti zinyalala zimene wasakanikirana nazo ndi zimene zimayambitsa moto, ndipo ndowayo musaitseke kwambiri. Itulutseni panja, klorini mumusungunule m'madzi ambiri pang'onopang'ono. Posungunula nthawi zonse ufa ndi umene umathiridwa m'madzi, osati madzi pa ufa, ndipo muyezo wake funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, musayerekeze ndi maso.

Pa mzikiti wathu uja komiti inakumana itatha swala ya Jumu'a yotsatira. Anagwirizana kuti mankhwala a asidi asagulidwenso, Jik yekha akwanira, ndipo kiyi wa kabati azisunga muadhini. Potsegula kabatiyo kuti aikemo loko watsopano, anapezamo chitini cha HTH chotsala pa nthawi ya kolera chitaima moyandikana ndi chigubu cha petulo wa jenereta ya zokuzira mawu. Chinali pamenepo chaka chathunthu, ndipo tonsefe tinkaswali kuseri kwa khoma lomwelo kasanu pa tsiku.