Domino Kapena DuoDoweler?

Akalipentala amene akufuna kulumikiza matabwa mwachangu popanda misomali amatsutsana kwambiri za makina awiri a ku Germany. Domino ya kampani ya Festool imaboola bowo lalitali mbali imodzi, momwe mumalowa kathabwa kaphanthiphanthi kopaka guluu. Poti kathabwako si kobulungira, kamodzi kokha kamakwanira kuti mwendo wa mpando usapotoke, ndipo makinawo angathe kukulitsa bowolo pang'ono kuti mmisiri awongole matabwa guluu asanaume. DuoDoweler ya Mafell imaboola mabowo awiri obulungira nthawi imodzi, motalikirana mamilimita 32, muyeso womwe opanga makabati amagwiritsa ntchito poika mashelefu. Timitengo tobulungira tolowa m'mabowowo n'totchipa ndipo timapezeka mosavuta, koma ukaphonya pang'ono poboola, matabwa sakumana bwino. Makina onsewa mtengo wake ndi wokwera, choncho ine ndikuti ntchito ndiyo isankhe. Wopanga mipando, matebulo ndi zitseko agule Domino, wopanga makabati ambiri agule DuoDoweler. Amene maoda ake akadali ochepa asakongole ndalama: tchizulo chakuthwa ndi dzanja lozolowera zimalumikizabe mpando wolimba.