Wantchito akadwala, bilu ndi ya yani?

Palibe lamulo lokakamiza mwini chigayo kapena golosale pa Mponela kulembetsa antchito ake ku MASM. Koma lamulo la ntchito la 2000 likuti wantchito amene watha chaka akadwala, dokotala n'kutsimikiza, alandire malipiro onse kwa masabata anayi, kenaka theka kwa masabata asanu ndi atatu. Mabwana ena amadziwa izi, amangokhala chete.

Pa chithandizo chenichenicho, nkhani yagona pa mtunda. Khadi la inshuwalansi lilibe phindu ngati chipatala cholilandira chili kutali. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu 2023, mankhwala adakwera mtengo, ndipo kuchipatala cha boma nthawi zina amati mukagule nokha. Bwana wa antchito asanu angachite bwino kugwirizana ndi chipatala cha CHAM chapafupi kuti azilipira bilu pakutha pa mwezi, ya ana a antchitowo ili momwemo.